Kontena ya a Venter

Philemon Chikopa anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, bambo ake ali a ku Dedza. Ku Joni anafika wopanda chiphaso cha dziko lililonse, nʼkumadalira maganyu.

Mu 2013 mzungu wina wokalamba, a Venter, anamulemba ganyu kudera la Marlboro mumzindamo, yolongedza katundu mʼkontena: mbewu za chimanga ndi nyemba mʼmabotolo, makasu, mabuku, zosefera madzi.

"Zikupita dziko liti, bwana?" anafunsa Philemon.

"Tikakwirira pansi," anatero a Venter. "Pakadzatha zaka mazana awiri maboma onse adzakhala atagwa. Opulumuka adzayambira pa zimenezi."

Kenako anapatsa waganyu aliyense pepala. "Ulembe mʼchilankhulo chako. Uwauze mmene adzadzilamulire."

Philemon anabwerera ku Dipsluti, kumene ankakhala, mutu utaima. Anapeza mkazi wake Consolata akuanula zovala, nʼkumufotokozera.

"Ndiye apolisi adzasiya kufunsa mapepala?" anatero Consolata.

"Akuti apolisi kudzakhala kulibe."

"Eish! Nanga wakuba adzamugwira ndani?"

Philemon ankawazemba apolisi tsiku ndi tsiku, koma dziko lopanda apolisi linamuopsanso.

Pepalalo analimbana nalo masiku atatu. Analemba kuti, "Musadzaike malire." Atakumbukira mnansi amene anasendeza malata ake nʼkuwadyera bwalo, anafufuta. Analemba kuti asankhe mtsogoleri wabwino, koma wabwinoyo adzamudziwa bwanji? Anafufutanso. Pomaliza anasiya mizere iwiri: "Mwana akabadwa muzimulemba dzina penapake. Chimanga musadzale ndi mvula yoyamba."

A Venter anamupatsa envelopu. "Lemba dziko lako pamwambapa."

Philemon anagwira cholembera nthawi yaitali. Ku Malawi anali asanapondeko, ku Zimbabwe ankamutcha mlendo. Anaibweza yosalemba.

Patatha miyezi iwiri a Venter anamwalira, dzenje lisanakumbidwe. Mwana wawo anagulitsa kontenayo, mbewu nʼkugawira aganyu. Philemon atafunsa za makalata aja, mwanayo anati sakudziwapo kanthu.

Philemon anafika kunyumba ndi botolo la nyemba. Consolata anatsuka poto.

"Dikira," anatero Philemon. "Izi ndi za anthu amʼtsogolo."

"Anthu ake ati? Ukuwadziwa?"

"Ayi."

"Adzabwera kudzatenga kuno ku Dipsluti?"

Philemon anakanda mʼmutu. Anatsanulira theka mʼpoto, theka linalo nʼkulitsekera mʼbotolo muja.