Apongozi Pamzere wa Chimbudzi

Mzere unali utafika pamabenchi a tomato. Amuna kutsogolo, amayi chapambali. Chitseko chimodzi.

Sankhani anaima wachiwiri, maso pafoni. Anali wapampando wa komiti ya msikawo, pa Mwanza. Mwezi wathawo ndiye anakhoma chimbudzi cha amayi, n'kulola Petro kusungamo matumba a makala. Pamsonkhano anayankhula mwachidule.

"M'matauni anzathu anasiya kale zogawa zitseko. Dzenje silifunsa kuti ndiwe ndani."

Amuna anawomba m'manja. Nkhani inathera pomwepo.

Lero Esime, wogulitsa manachesi, anali pamzere womwewo.

"Apampando, nanunso mwabwera kudzayendera chitukuko?"

"Mimba ilibe udindo, mayi."

"Ilibedi. Koma ife tili ndi zosintha, tili ndi zochapa. Tizichita zimenezo a Luckson awa akugogoda?"

Luckson, wa kabaza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Muzolowera," anatero Sankhani, nalowa.

Chitsekocho chinalibe loko. Anachigwira ndi phazi. Atatha anatsegula, dzanja lina likumanga lamba.

Pakhomo panali apongozi ake.

Amayi ake a mkazi wake Thandie. Anachoka ku Kanduku m'mamawa kudzalandira mankhwala kuchipatala, aja okodzetsa, osalola munthu kudikira. Amayi apamzere anawaona akuvutika, n'kuwapititsa kutsogolo.

Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, awiriwa anali asanayang'anizanepo. Kumudzi ankalonjerana chapatali, iye atanjuta, iwo atayang'ana kumbali. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Pano tchire panalibe. Kumanzere khoma, kumanja anthu.

Lamba anali m'manja.

Mayiwo anakoka chitenje, naphimba kumaso. Sanalowe. Akanalowa bwanji momwe mkamwini wangotulukamo, mwiniwake ali chilili pakhomo? Anatembenuka. Anayenda mofulumira kuloza kuseri kwa mathiraki opita ku Mozambiki.

Sanafike.

Anaima pafupi ndi tayala la thiraki. Fumbi la pamapazi awo linada.

Esime anathamanga. Amayi ena anayi anamutsatira, aliyense akumasula chitenje chapamwamba. Anawazungulira, natambasula nsaluzo ngati mpanda. Palibe anaseka. Luckson anavula chipewa, nayang'ana pansi.

Sankhani anamaliza kumanga lamba. Anafuna kupita, koma mkamwini sapita pamalo otero. Anafuna kuthawa, koma msika wonse unkamudziwa dzina.

Esime anabwerera. Sanakweze mawu.

"Akufuna posambira."

"Ndi... ndipeze galimoto, apite kunyumba."

"Akwere ali chonchi?" Anatambasula dzanja. "Munkati dzenje silifunsa. Lero lafunsa. Kiyi."

Sankhani sanampatse. Anapita yekha, natsegula chitseko chokhomacho. Matumba anali mpaka kudenga. Anasenza loyamba. Anasenza lachiwiri. Shati yoyera inasanduka yamakala.

Petro anafika ali wefuwefu.

"Apampando, mwatani? Nanga katunduyu ndiika kuti?"

"Pakhonde panga."

"Koma tinagwirizana..."

"Petro, gwira uko."

Petro anayang'ana mpanda wa zitenje uja. Anagwira. Luckson nayenso anatsamiritsa njinga, nasenza. Mayi wina anabweretsa ndowa ya madzi, wina sopo, wina chitenje chouma.

Mpanda uja unayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kuchitseko. Sankhani anatembenuka, nayang'ana khoma. Anakhala choncho mpaka anamva chitseko chikutsekeka. Bambo wina wachilendo anafika akufulumira, nalunjika komweko.

"Uko n'kwa amayi," anatero Sankhani.

Panapita kanthawi. Esime anamugwira chigongono.

"Apita. Akwera njinga ya a Luckson. Asiya uthenga."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mwana wawo akafunsa, inu ndi iwo simunaonane."

Sankhani anachotsa kiyi pamulu wa makiyi ake, nampatsa Esime. Zala zinasiya chizindikiro chakuda m'dzanja la mayiyo.

Foni inalira m'thumba. Anali Thandie.

"Bambo a kwathu, amayi amati akachoka kuchipatala adutsira kumsika. Mwawaona?"

Sankhani anayang'ana padothi ponyowa paja, pafupi ndi tayala. Wina anali atathirapo kale mchenga.

"Ayi," anatero. "Sitinaonane."