Kabedi Kamatayala ka Alamu

Ine si munthu wokonda chipatala, aliyense wondidziwa angakuuzeni. Koma mphuno zanga zinandizunza zaka ndi zaka, kupumira pakamwa ngati galu wa padzuwa, mpaka adokotala anati, "Mayi, tingotsegula m'katimu, n'kaopaleshoni kakang'ono." Kakang'ono! Mawu amenewo ndimawakumbukira ndikafuna kupsa mtima.

Mphuno zinatsegukadi, ndisaname. Koma nditangobwerera kuntchito, mutu unayamba zake. Ntchito yanga n'kusita pa shopu yochapira anthu zovala, tsiku lonse chiimire, simbi m'manja, utawerama patebulo. M'mawa ndinkadzuka wabwinobwino. Ikamakwana nthawi ya tiyi, kunkhongo kunkayamba kukoka, khosi gwa, m'makutu kulira. Tsaya lakumanzere linkachita dzanzi, mabatani a malaya n'kumawaona awiriawiri. Ndiye mphuno imodzi, yakumanzere yomweyo, inkadontha madzi. Osati mamina ayi, madzi enieni ngati a pampopi, ndipo ena akatsikira kummero ndinkamva mchere. Tsiku lina anadonthera pa malaya a silika a kasitomala, mwini shopu n'kundifunsa ngati ndabwera kudzasita kapena kudzachapa.

Zonsezo ndikanapirira. Koma madzulo ena nditaweruka, ndinawerama kuti ndinyamule mwana wanga. Ndi wamkazi, anali atangoyamba kuyenda, ndipo timangomutchula kuti Kaphokoso chifukwa chake mwachimva kale. Nditangomukweza, pansi panapendekeka. Tinagwa tonse awiri, iye n'kumenyetsa mlomo pa mwendo wa mpando. Magazi anali ochepa, kulira ndiye kunafika mpaka kumsewu.

Bambo ake, omwe ndi makaniko, analowa akuthamanga manja ali ndi girizi. Atamutonthoza mwana anandiyandikira pafupi kwambiri, ine n'kumati akufuna kundidzutsa. Ayi ndithu, ankandinunkhiza m'kamwa. Ine, munthu woti ngakhale vinyo wa kutchalitchi amandiyabwa pakhosi! Kutacha apongozi anga anafika ndi chikwama chopanda kanthu, anabwerera chodzaza ndi zovala za mwana, mwanayo ali m'manja.

"Masiku ochepa chabe, mwananga," anatero. "Mupezeko kaye bwino."

Ndi apa pamene analowererapo alamu anga, mng'ono wawo wa bambo a Kaphokoso. Amagwira ntchito pa chipatala chachikulu chomwe anandipangira opaleshoni, yokankha odwala pa timabedi tamatayala. Munthu wa nthabwala, wodziwana ndi aliyense kuyambira alonda a pageti mpaka ophika.

"Alamu, pamene paja mukakhala pabenchi mumera mizu," anandiuza. "Ife tili ndi njira yathu. Wogona amaonedwa msanga kuposa wokhala. Mungobwera m'mamawa, zinazo mundisiyire."

Ndiye zinkatero. Ndikangodzuka, bambo a Kaphokoso ankandiperekeza pa galimoto ya kugalaja, alamu n'kundilandira pakhomo lakumbuyo, kumene amatulutsirako nsalu zakuda. Ankandigoneka pa kabedi kawo, kundifunditsa bulangete mpaka m'khosi, n'kundikankhira m'kanjira ka kuseri kwa chipinda chojambulira. "Mutseke maso, muzioneka wodwala," ankatero, ngati kuti ndinali kuchita sewero. Msanga wakeyo sanali msanga weniweni. Ndinkagona pamenepo kuyang'ana denga mpaka dzuwa kufika pamutu, koma ndinkathokoza, poti pabenchi anthu ankachita kuthithikana.

Ndikafika kwa adokotala, omwe aja a kaopaleshoni kakang'ono, mutu unkakhala uli myaa. Ankandiunika m'mphuno ndi katochi, mouma. "Tsatirani chala changa." Ndinkachitsatira. Ankandigogoda mawondo ndi kanyundo, miyendo n'kumadumpha bwinobwino ngati yandipandukira. Ndinkawafotokozera zonse, madzi, dzanzi, chizungulire. "Zimayamba nthawi yanji?" Ndinkati ndikakhala kuntchito. Iwo n'kugwedeza mutu ngati ndawauza chinthu chachikulu. Za madziwo ankati mphuno imatero ikamapola. Anandijambula mutu, osapeza kanthu. Ulendo wotsatira anavula magalasi, n'kundifunsa ndi mawu ofewa, "Mayi, kunyumba muli pa mtendere? Kuntchito nanga?" Kenaka anati ndikaonane ndi dokotala wa maganizo.

Mawu amenewo ananenedwa chitseko chili chotseka. Koma madzulo ake ndikupita kukaona mwana, apongozi anali atawamva kale. Anandilandira mwaulemu wonyanyira, mpeni umene unali patebulo n'kuusuntha mwakachetechete. Amene anawauza ndani? M'chipindamo tinalimo anthu awiri, wachitatu anali panja pa chitseko atagwira kabedi kake.

Kuyambira pamenepo ndinatsegula maso. Ndinayamba kuona zimene poyamba sindinkaziona. Alamu akandikankhira m'chipinda ankayamba anong'onezana ndi anesi. Tsiku lina ndinawaona atanyamulira adokotala aja chikwama kuchokera pagalimoto, akuseka mpaka kugwirana paphewa. Eee, ndinati mumtima, kodi ndi choncho? Munthu walakwitsa m'mutu mwanga, ndipo sakufuna zidziwike. Wapeza wantchito wake woti azindilowetsera kukhomo lakumbuyo, kopanda mboni, kuti ndisakumane ndi dokotala wina aliyense. Nanga apongozi? Iwo aja sanandifunepo chiyambire, ankafuna mwana wawo akwatire mphunzitsi. Tsopano apeza pogwira. Ngakhale bambo ake a Kaphokoso ndinkawayang'ana ndi diso lina akamandipatsa mapiritsi. Ndinkayamba ndawerenga pabotolo.

Kunyumba kwa apongozi kunali kutagulidwa kabedi ka mwana katsopano. Masiku ochepa amagulira bedi? Ndikafuna kumunyamula Kaphokoso ankati, "Khalani kaye pansi, ndikupatsirani," n'kuima pompo ngati mlonda. Kenaka tsiku lina mwana uja anapunthwa, nathamangira kwa iwo akulira kuti "amama". Ndinamva ngati andithira madzi otentha pamsana.

Tsiku lomwelo ndi pamene anandiuza. Mwezi ukatha ankapita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

"Mwanayu ndipita naye," anatero. "Takambirana ndi bambo ake. Inu muyambe kaye mwathana ndi a maganizowo."

"Mwakambirana? Mwana wanga?"

"Mlomo uja unapola, mwananga. Akanamenyetsa mutu, ukanapola?"

Ndinangotuluka, chifukwa ndikanayankha akanati misala ija ndi imeneyi.

Ndinaganiza zopita ndekha. Sindinauze munthu. Ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse, ndinasita mulu wanga wa malaya, kenaka ndinapempha mwini shopu kuti ndichoke. Ndinalowera pageti lalikulu ngati anthu ena onse, nditakokera mpango kumaso kuti anzawo a alamu asandizindikire. Cholinga changa chinali chimodzi, kupeza dokotala wina amene sanyamuliridwa chikwama.

Pabenchi panalibe malo. Ndinaima pamzere nditatsamira khoma, pakati pa bambo wina wa bandeji kukhutu ndi mayi wa mwana wotsokomola. Mutu unali utayamba kale kushopu, apa unangopitiriza pamene unalekezera. Kunkhongo kunkakoka ngati wina wandimangirira njerwa kutsitsi. Mawu a anthu ankamveka ngati ndili pansi pa madzi. Kansalu kanga kopukutira kananyowa, ndinayamba kupukutira mpango.

Ndiye ndinamva matayala, kwii kwii kwii. Kabedi kaja ndinkakadziwa kulira kwake.

"Alamu! Mwabwera osandiuza? Taonani mmene mukuonekera, gonani apa msanga."

"Musandikhudze."

"Aa, alamu, mugwatu."

"Ndati musandikhudze! Mukuyesa sindikudziwa? Mumandibisa kuseri ngati katundu wakuba kuti abwana anu asayaluke, mukatero muthamangire kwa amayi anu kukanena kuti ndapenga. Lero ndiima pompano, ndikagwa ndigwe anthu akuona!"

Mzere wonse unatembenuka. Bambo wa bandeji uja anachita kutembenuza khutu labwinolo. Alamu nthabwala zonse zinawathera. Anakokera kabedi kawo pambali, koma sanachoke, anangoima chapatali n'kumandiyang'ana. Ine ndinati mumtima, yang'anani, mukanene bwino.

Dzina langa litaitanidwa ndinayenda chogwira khoma. Kulowa m'chipindamo, mayo ine, adokotala omwe aja. Tsiku limenelo analipo okha. Ndinafuna kubwerera koma miyendo inakana, ndinangodzigwetsa pampando. Ndinkawaona awiri, onse ovala magalasi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi, chachitika n'chiyani?"

"Chimene ndakhala ndikukuuzani. Maganizo aja ndi amenewa."

Pomwepo dontho linagwera patebulo pawo. Kenaka lina. Sanalipukute. Anaitana anesi kuti abweretse kabotolo, nandiuza kuti ndiwerame. Madzi aja anayamba kutsika, tho, tho, tho, osachita kukakamiza. Nkhope yawo inasintha.

"Mutuwu umasiya nthawi yanji?"

Funso limenelo anali asanandifunsepo, nanenso ndinali ndisanaliganizirepo. Onse tinkangolimbana ndi nthawi imene umayamba. "Ndikafika kunyumba," ndinatero. "Ndikagona."

"Mukagona," anabwereza. "Ndipo muno mwakhala mukulowa chogona nthawi zonse. Ndinkayesa amakugonekani chifukwa mwafooka panjira. Mumakhala mutagona nthawi yaitali bwanji musanalowe?"

"Kuyambira m'mamawa."

Anandigoneka pabedi lawo lopimira, natuluka ndi kabotolo kaja. Pamene ankabwerako, kukoka kwa kunkhongo kuja kunali kutayamba kumasuka, ndipo ndinkawaona mmodzi. Anakoka mpando nakhala pafupi. Anati pakati pa mphuno ndi ubongo pali kafupa kopyapyala kwambiri. Akuganiza kuti kanabooka, ndipo madzi amene ubongo umakhalamo akhala akutayikira m'mphuno. Munthu akaima amatayika, mutu n'kumapweteka. Akagona zimaleka. Anati ayeza madziwo kuti atsimikize, andijambulanso mwa njira ina, koma kunyumba sindibwerera, chifukwa pamene madzi akutulukira matenda angathenso kulowerapo.

"Kanabooka kokha?" ndinafunsa.

Anavula magalasi. "N'kutheka kuti ndi pa opaleshoni paja. N'kutheka kuti ndi dzanja langa."

Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndidzawalalatire tsiku limeneli, koma munthu akavomera yekha umasowa pomugwira. Ngati anali atazikayikirapo kale n'kungokhala chete, sindikudziwa, ndipo mpaka lero ndimawayang'anabe ndi diso limodzi. Chimene ndinafunsa n'chakuti, "Ndiye kuti sindine wamisala?"

"Ayi, mayi. Koma mumve bwino. Mugona chagada mpaka titseke pamenepo. Tikatseka, kwa nthawi ndithu musawerame, musamine, musanyamule kanthu kolemera."

"Mwana wanga?"

"Makamaka mwana."

Wondikankhira kuwodi anali alamu, poti ndiyo ntchito yawo. Anesi anali atawafotokozera. Njira yonse ankangokhota m'makona pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Tili pafupi kufika anati, mawu ali pansi, "Ine ndinkati ndikuthandiza, alamu. Za a maganizo zija ndinauza amayi kuti azikuchitirani chifundo."

"Chifundo chanu chinatsala pang'ono kundipha," ndinatero. Kenaka nditaona maso awo ali ofiira ndinati, "Matayalawa muziwathirako mafuta, akuchititsa manyazi." Anaseka pang'ono, napukuta kumaso ndi mkono.

Mawa lake nthawi yoona odwala, ndinamva phokoso la mwana wanga asanalowe n'komwe. Bambo ake anali patsogolo, maso pansi, atanyamula zipatso zambiri ngati akukatsegula sitolo. Apongozi anali pambuyo, mwana ali m'manja. Kaphokoso atandiona anaphiriphitha mpaka anamutsitsa, nathamangira pabedi. Anaima m'mbali, mutu wake wosafika n'komwe pamatiresi, nakweza manja onse awiri.

"Amama, nyamule."

Miyezi yonseyi ndinkamenyera zimenezi, kuti andipatse mwana wanga popanda mlonda. Tsopano palibe amene ankandiletsa, manja ndinali nawo, koma ndinangogona chagada misozi ikulowa m'makutu. Iye anakwezabe manja, nayamba kukwinya kamlomo kaja.

Apongozi anaika chikwama chawo pansi. Sanandiyang'ane. Anawerama, anamuvula mwana nsapato imodzi, kenaka inayo, namukweza n'kumugoneka pambali panga, mutu wake pa mkono wanga.

"Usawakwere pamimba amako, akudwala," anamuuza. Anakonzakonza bulangete pamene panali pokonzeka kale. "Ulendo uja ndaulepheretsa. Mabasi a masiku ano amandipweteketsa msana."

Kaphokoso anandigwira tsaya lakumanzere, la dzanzi lija, ndi kadzanja konata madzi a lalanje. Ndinakamva.