Mafinya pa Pilo ya Mwatitha

1.
Mwatitha! Iwe Mwatitha! Ndikuitana ndili pakhomo, mwana wanga ali pomwepa akusewera phada, osacheuka.
Mwanayu ngosamva, akutero bambo ake, a Kamwendo, maso ali pa thabwa lomwe akupala.

2.
Mafinya pa pilo. Achikasu. Fungo.

3.
Zomwe zinalowa m'makutu mwa Mwatitha: mafuta ophikira, madzi a masamba ochokera kwa aneba, nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi.

4.
Aphunzitsi ake a Sitandade 2 akuti, mayi, ndikafunsa za kumadzulo amayankha za kum'mawa, ndamukhazika kumbuyo kwenikweni m'kalasi. Ngosamva.

5.
Ine Mwatitha ndimakhala ngati ndili pansi pa madzi. Anthu amatsegula pakamwa. Ndikamatembenuka amakhala atakwiya kale.

6.
Kuchipatala adokotala aunika ndi katochi, uku, kenako uku. Akuti kachikopa ka mkatimu kanabooka, makutu onse awiri.
Kubooka?
Ndikufunsa ine mayi ake, iwo akupitiriza, muzipukuta ndi kansalu koyera kenako muzidontheza mankhwalawa osalowetsamo madzi posamba osathiramonso china chilichonse mafinya akauma tidzamuyeza bwinobwino mwina mabowo adzatsekeka mwina padzafunika opaleshoni kusukulu azikhala kutsogolo, ine ndikungogwedeza mutu, ndikuona kamwana kanga kakuyang'anitsitsa milomo yawo, osaphethira.

7.
Adokotala aima kumbuyo kwa mwana nanong'ona. Nthochi.
Zii.
Bambo, akutero, khalani apa muone kusiyana kwake. Aima kumbuyo kwa a Kamwendo, chakumanja. Nthochi.
A Kamwendo akumwetulira, akuyang'ana khoma.
Nthochi, mokweza.
Yambanitu adokotala, ine ndikudikira, akutero amuna anga.

8.
Katochi kalowa m'khutu la bambo wa ana anga. Bowo lakalekale.
Linkatuluka mafinya ndili mwana, akutero a Kamwendo motsitsa, lidauma lokha, ndinkayesa lidachira.
Ndagwira pakamwa. Chikwatirane ndimakhala kumanja kwawo, kutchalitchi, pamphasa, pogona. Ndi m'khutu lomwelo ndinkanong'onezera mwaulemu kuti bambo a Mwatitha, timutengere mwanayu kuchipatala, iwo osayankha, ine nkumati akana.
Mwatitha wadzuka pabenchi, wazungulira kumanzere kwa bambo ake, wawakoka malaya.
Ababa, akuti nthochi. Ndaona pakamwa pawo.