Masamu a Dokotala Sharifu pa Mabwato

Nkhani iyi anandiuza ndi Sufiyani, wosoka maukonde ku Liwaladzi, tsiku lomwe minibasi yathu inaphulika tayala pa M5.

Akuti Dokotala Sharifu anabadwira komweko, koma kupalasa bwato kunawakanika, masamu okha ndiwo anawalola. Anaphunzira ku Zomba, kenako kunja, n'kubwera kudzaphunzitsa kuyunivesite. Masamu awo sanali owerengera mbuzi ayi. Anali a manambala a mbali ziwiri, ina yeniyeni, ina yongoganizira. Zaka khumi ndi ziwiri analimbana ndi funso limodzi, mpaka akuluakulu anawauza mosapsatira kuti akapanda kulimaliza chaka chimenecho, za uprofesa aiwale.

Mwezi wa Ramadani anapita kumudzi kukapumitsa mutu. M'mawa wina yankho linangowatsikira, kope palibe, foni yatha moto. Anatola khala n'kuyamba kulemba pakhoma la nyumba ya mlongo wawo Farida, mizere khumi ndi umodzi, makoma atatu.

Asodzi anaunjikana. Zaidi, wolemba mayina pa mabwato, anafunsa: "Adokotala, zimenezi zimachiza chiyani?"

"Ukazungulira malo n'kubwerera pomwe unayambira," anatero a Sharifu, "masamuwa amakuuza zomwe zili m'kati, osasuzumiramo."

Asodzi anayang'anizana. Kuzungulira n'kudziwa za m'kati? Si ntchito ya ukonde wa chilimira imeneyo?

A Sharifu anapita ku Dwangwa kukagula makope, anzawo n'kuwagwira masiku atatu. Pobwera anapeza nyumba ili mbee! Farida anali atapaka laimu, monga achitira aliyense Idi ikayandikira.

"Achimwene, alendo abwere adzaone makala?" anatero Farida. "Ana ndimawakwapula pa zomwezi. Inu ndakusiyani chifukwa cha imvi."

A Sharifu anakhala pansi, manja kumutu. Poyambira ankakumbukira, pothera ankakumbukira, koma pakati panali mbee ngati khomalo.

Zaidi anawagwira paphewa. "Musalire adokotala, zonse zili panyanja." Kani asodzi aja aliyense anali atapempha Zaidi kuti amukoperere mzere umodzi pa bwato lake, kuti usipa usamabisale.

Kutacha mabwato akukocheza, a Sharifu anali kale pamchenga, buluku la suti atapinda m'mawondo, kuwandanditsa.

"Layson, lako libwere pafupi ndi la Hamza!"

"Ine ndi Hamza sitiyankhulana, adokotala."

"Simuyankhulana ndinu, mabwato alibe mlandu. Kokani!"

Atawerenga anapeza khumi. Mzere wachisanu ndi chiwiri kunalibe.

"Umenewo unali wautali," anatero Zaidi mosatekeseka. "Palibe bwato lomwe ukanakwana, ndiye ndinausiya."

A Sharifu anangotsala pang'ono kumuluma. Anawerenganso kuchoka pa bwato la Layson, kudumpha mzere wosowawo, kufika pa la Hamza, kachiwiri, kachitatu. Kenako anaseka mpaka anagwera m'madzi. Mizere iwiriyo inkagwirizana yokha. Wautali ujawo ndiwo unali wolakwika, ndipo ukanagwetsa ntchito yonse.

Pepala linasindikizidwa, uprofesa unabwera, ndipo akuti m'mawu othokoza muli dzina la Zaidi. Farida mpaka lero amati anathandiza ndi iye.

Ine ndinatsikira kunyanja kukaona. Pa bwato lina panalidi kachizindikiro konga mbedza yovala mphete pakati. Koma zoti munthu angakopere mizere khumi ya zinthu zomwe sazidziwa, pa thabwa lonyowa, osaphonya olo kadontho, ine sindikhulupirira. Sufiyani yemweyo anandiuzanso kuti tayala lija alikonza posachedwa, koma tinachoka mawa lake.