Dothi Limene Namakau Anakana Kubweza

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira zimene alimi a ku Maramba anachitira mkulu wanga Namakau m'chaka cha chilala cha 1995.

Namakau ndiye anayamba kufufuza tinyongolotsi ta m'dothi la kwathu, tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'mizu ya matimati n'kuitupitsa mfundomfundo. Ankayenda m'madimba ndi kafosholo, kutapa dothi apa ndi apo. Kunyumba ankalithira m'zitini, n'kubzalamo matimati kuti tinyongolotsito tiswane, apeze mbewu yosagonja. Khonde lonse linali zitini, ntchito ya zaka zambiri, moti ine zovala ndinkayanika pampanda.

Koma kwathu munthu wotapa dothi la mnzake amadziwika chimene ali: mfiti. Matimati atafota m'madimba, anthu sanayang'ane mizu. Anayang'ana Namakau.

Loweruka lina m'mawa linafika gulu, patsogolo pali a Oliver Muleya, tcheyamani wa alimiwo, akukankha wilibala.

"Ba Namakau, tabwela kutenga doti yathu," anatero a Muleya. "Ibwelele mu madimba, mankhwala yanu yasile mphamvu."

Namakau anatulutsa maikulosikopu yake. "Onani mweka, ba Muleya."

Anasuzumira kwa nthawi ndithu, tinyongolotsi tikupindika ngati ulusi m'madzi. Ine mwa kupusa kwanga ndinati nkhani yatha. Iwo anaweramuka nkhope ili gwa.

"Mwaona? Amavisunga vamoyo. Nyamulani vitini."

"Mu chitini chimodzi muli tambili kuchila dimba yonse," anatero Namakau. "Mukabweza iyi doti, na madimba yamene yakali bwino yazafa. Siichoka pano yamoyo."

"Doti ni yathu."

Pambaula panali mphika wa madzi ochapira, akuwira. Namakau anauphula n'kukhuthulira m'chitini choyamba, kenako chachiwiri. Anthu anafutukira kumbuyo, pakuti palibe amene amalimbana ndi mkazi wonyamula madzi otentha.

"Winnie, ikapo ena," anandiuza.

Ndinakupiza moto ndikulira, ndikuwatukwana onse chamumtima. Dzuwa linakwera ife tikuwiritsa ndi kuthira, iwo ataima kugeti. Chomaliza chinali chitini cha pakona, cha mbewu imodzi yokha imene inapirira tinyongolotsi. Inali itangochita maluwa, isanabale. Namakau anathiramo ndithu, masamba n'kugwa nthawi yomweyo.

"Manje tengani," anatero. "Yafa. Siingaphe chilichonse."

Anapakira zitinizo mu wilibala, palibe woyang'ana mnzake. Namakau anatsuka chitini chimodzi chopanda kanthu, anatola kafosholo kake n'kutuluka pageti, patsogolo pa onse.

"Muyenda kuti?" anafunsa a Muleya.

"Ku dimba yanu. Ndiye kwamene ninayambila."