Tobinami ndi Kanema wa a Kuwabara

Mungayende dziko lonse la Japan, kuchokera ku Sapporo kumene chisanu chimaluma makutu mpaka ku Kagoshima kumene phiri limalavulira phulusa pa zovala zoyanika, simudzapeza munthu amene anagwetsana ndi anzake zaka zambiri osadziwika ngati Tobinami. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali m'masewera a sumo! Thupi anali nalo ndithu: akakwera sitima, mpando wa anthu atatu unkakhala wake yekha. Mphamvu analinso nazo. Koma mwayi wokwera kufika pagulu la akuluakulu unkangomulambalala ngati basi yodzaza.

Tsono a m'magulu a m'munsi amagwetsana m'mawa, holo ili pululu, oonerera ali okalamba ochepa ndi anthu osesa. Kanema amene anthu amaonera m'nyumba zawo amayamba kuonetsa chakumadzulo, akuluakulu akamalowa, ndipo ikangokwana sikisi koloko amadula n'kupita ku nkhani. Nthawi imeneyo Tobinami ankakhala atasamba kalekale, akusenda anyezi kukhitchini.

Zimenezi sizinkamuwawa mpaka pamene anakonda Michiru, mkazi wogulitsa nkhuku amene ankabweretsa nyama kunyumba yawo ya sumo ku Tokyo. Awiriwa anagwirizana kuti mpikisano wa mu Novembala, wa ku Fukuoka, ukhale womaliza. Akatero Tobinami asiye sumo, akwatirane, atsegule kamalo kogulitsira chakudya. Chinatsala chinali chimodzi: mawu a bambo ake a mkaziyo, a Kuwabara, ometa tsitsi m'tauni ya Sakata, kumpoto. Ndipo Michiru anali ataneneratu kuti iye sangakwatiwe mozemba bambo ake.

A Kuwabara anali ndi kanema pamwamba pa galasi m'nyumba yometeramo, ndipo kwa zaka makumi anayi sanaphonyepo tsiku la sumo ndi limodzi lomwe. Tobinami atapita kukadzionetsa, iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso kumutu.

"Mwati dzina lanu ndani?"

"Tobinami, bambo."

"Tobinami... Tobinami. Ayi. Ine a sumo ndimawadziwa onse, ndi amene anatisiya omwe. Inu sindinakuonenipo."

"Ndimagwetsana m'mawa, bambo."

"M'mawa! Nanga ndinu tambala?" Anthu awiri amene ankadikira kumetedwa anaseka mpaka kutsokomola. "Tamverani achimwene, kunenepa si umboni. Mlamu wanga nayenso ndi wonenepa, koma amagulitsa matayala. Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wongobwera n'kuti ine ndine wakutiwakuti. Ndikuoneni apo," analoza kanema uja ndi chipeso, "ndimve dzina lanu likutchulidwa, ndiye tikhale pansi."

"Ababa, mpikisano watsala umodzi wokha," anatero Michiru.

"Masiku khumi ndi asanu, mwana wanga. Ndi ambiri zedi."

Ku Fukuoka masiku anayamba kuthamanga ngati akuthawa moto. Tobinami anagwetsa atatu, atatu anamugwetsa, zonsezo kanema ali m'tulo. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Pali mwambo wotsekera tsiku lililonse la sumo. Akuluakulu awiri omaliza akatha kugwetsana, munthu mmodzi wa m'magulu a m'munsi amakwera pabwalo la dothi logwetsanirapo, atamupesa tsitsi ngati wamkulu, atavala nsalu yolemera ya ulusi wagolide yofika m'akakolo, n'kuzunguza uta wautali kuposa munthu. Amene ankagwira ntchitoyi anali wa m'nyumba ya sumo yomwe ankakhala Tobinami, ndipo tsiku lakhumi ndi chiwiri bondo linamutupa ngati dzungu. Mwini nyumba, a Kirihata, anaitana Tobinami, yemwe anaphunzirapo za uta pa maulendo oonetsa sumo m'matauni ang'onoang'ono.

"Masiku atatu atsalawa uta ndi wako. Usandichititse manyazi."

"Ee, aphunzitsi."

"Ukusekerera chiyani?"

"Sindikusekerera, aphunzitsi."

"Tseka mano amenewo. Wa uta saseka."

Anatuluka akuyenda ngati pansi pali thonje, n'kuimbira Michiru. Mkaziyo anakwera sitima tsiku lomwelo kupita ku Sakata kuti akakhale pambali pa bambo ake, bambowo asadzanene kuti anaphethira.

Tsiku lakhumi ndi chitatu, a Tokohei, nkhalamba yopesa tsitsi la ogwetsana, anamukhazika pamphasa n'kuyamba kumupaka mafuta onunkhira.

"Zaka zonsezi manja angawa akhala pa mitu ya anthu otchuka," anatero akukoka tsitsi ndi mphamvu. "Lero ndikupesa wosenda anyezi. Dziko latha."

"Pang'onopang'ono, madala, muzula."

"Khala phee iwe. Mutu ngati mphika wa pamaliro. Mafuta anga athera pompano."

Atamaliza anamupatsa galasi. Tsitsi linali litatambasuka pamwamba ngati tsamba, monga amachitira akuluakulu. Tobinami anadziyang'ana nthawi yaitali, mpaka a Tokohei anamulanda galasilo.

Madzulo ake holo inadzaza, anthu mpaka kudenga. Akuluakulu omaliza anagundana, anakankhana, n'kugwera kunja onse awiri pamodzi ngati matumba a mpunga. Oweruza asanu ovala zakuda anakwera pabwalo kukakambirana. Anakambirana, anakambirana, kenaka anagamula kuti agwetsanenso. Pamene Tobinami ankalandira uta, wotchi inali ikugunda sikisi. Anazunguza bwino kwambiri, holo yonse inawomba m'manja, koma atangofika kuchipinda chovalira foni inalira.

"Ababa akuti aona msana," anatero Michiru motsitsa mawu. "Unangotembenuka chonchi, basi nkhani zinayamba."

Kumbuyo kwake kunamveka a Kuwabara akukuwa: "Misana imafanana yonse! Muuze!"

Tsiku lakhumi ndi chinayi nthawi inalipo yambiri. Koma amene anapambana komaliza ndiye anatsimikizanso tsiku lomwelo kuti chikho cha mpikisano wonse ndi chake, ndipo makamera onse anamulondola ngati anapiye. Anamuonetsa akutsika, anamuonetsa akupukuta thukuta, anamufunsa mafunso iye akungopumira m'mwamba n'kumayankha kuti "ndayesetsa". Tobinami anaoneka pakona, kutali, wamng'ono ngati ntchentche pa chivundikiro.

"Akuti aona kanthu kakuzungulira kumbuyo," anatero Michiru. "Dzina silinamveke."

"Latsala mawa lokha."

"Ndikudziwa, Tobi. Udye bwino."

Tsiku lomaliza m'mawa anagwetsana komaliza m'moyo wake. Anamugwira mnyamata wa zaka makumi awiri palamba, anamunyamula ngati mtolo wa nkhuni, n'kukamuika kunja mwaulemu. Okalamba ochepa aja anawomba m'manja. Iye anawerama n'kutsika, maganizo ali kale kumadzulo.

"Lero ndiuzunguza mpaka kamera ichite chizungulire," anauza a Tokohei akumupesa. "Uta ulira ngati ndege. Sangayang'ane kwina."

"Kuthamanga sikufika, iwe."

"Madala, ndakhala ndikuyenda pang'onopang'ono zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndafika kuti?"

A Tokohei anamanga tsitsi lija molimba.

Ndipo anauzunguzadi! Amene analipo tsiku limenelo akusimbabe. Uta unasanduka chinthu chosaoneka, kumangomveka fyuu, fyuu, kumanja, kumanzere, pamwamba pa mutu. Azimayi a m'mipando yakutsogolo anagwira tsitsi lawo. Anthu amene anali atayamba kunyamula zikwama anakhalanso pansi. Tobinami anamva holo ikung'ung'udza, mtima unakula, anawonjezera liwiro. Koma m'manja munali thukuta. Uta unapulumuka, unauluka, unazungulira kawiri m'malere, n'kugwera m'mphepete mwa bwalo kuti phwa.

Holo yonse inati zii.

Munthu aliyense akagwetsa chinthu amawerama n'kutola. Thupi la Tobinami nalonso linayamba lokha kuwerama, dzanja likutsika. Litatsala pang'ono kufika pansi, linaima. Pabwalo limenelo, amene dzanja lake lakhudza dothi ndiye wagonja. Wa uta amazunguza m'malo mwa wopambana, ndiye kuika dzanja pansi n'kumugonjetsa munthu amene wapambana kale, n'kutsekanso mpikisano wonse ndi tsoka. Uta ukagwa umatoledwa ndi phazi.

Anaweramuka pang'onopang'ono, nkhope ili gwa ngati palibe chachitika. Anayenda mpaka pamene panali uta. Nsalu yolemera ija inkamutchinga, ndipo pamwamba pa nsaluyo panali mimba, moti phazi lake sankaliona n'komwe. Anafufuza ndi chala chachikulu, anaugwira, anayesa kuunyamula. Uta unagubuduzika n'kupita patsogolo.

Wina kumwamba anaseka. Wina anakuwa kuti, "Limba mtima, achimwene!"

Anayesanso. Uta unakwera mpaka m'bondo, anatambasula dzanja, unamuzemba n'kugwanso. Anthu zikwi zonse zija zinabuula pamodzi ngati munthu mmodzi. Thukuta linali kamukamu, likulowa m'maso. Anapuma kamodzi, anaponda nsonga ya uta kuti mbali inayo itukuke, analowetsa phazi pansi pake, n'kuukankhira m'mwamba. Uta unadumpha n'kudzagwera m'dzanja mwake kuti khwa, ngati mwana wobwerera kwa amake.

Phokoso limene linabuka pamenepo, denga linatsala pang'ono kusasuka. Anamaliza mwambo wonse mosathamanganso. Anaika uta paphewa, anakweza mwendo n'kuponda pansi, holo yonse ikukuwa kuti "Yoisho!" Anakweza winawo, "Yoisho!" Anawerama n'kutsika.

Koma iye mumtima munali mutada. Poyenda m'kanjira kopita kuchipinda chovalira ankangoona chinthu chimodzi: wagwetsa uta tsiku lomaliza, pamaso pa dziko. A Kirihata anali akumudikira pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Ndinati chiyani ine?"

"Pepani, aphunzitsi."

"Umene uja unali uta kapena chopukusira mphepo? Unkafuna kuulutsa holo?" Anamuyang'anitsitsa, masharubu akunjenjemera. Kenaka anatembenuka. "Dzanja sunaike pansi. Pita ukasambe."

M'katimo a Tokohei anali atagona chagada pamphasa, akuseka mpaka misozi. "Katatu! Phazi ngati khasu! Ine ndimati uitanitsa supuni!"

Foni inalira. Tobinami anaiyang'ana ngati njoka, kenaka anayankha. Poyamba sanamve kanthu koma phokoso la anthu ambiri, ndipo Michiru ankalephera kulankhula, osadziwika ngati akuseka kapena akulira.

"Tobi! Anakuonetsa! Anayamba ndi phazi, kanema yense phazi lokhalokha, kenaka nkhope. Muulutsi anasowa chonena, tinamva akusanthula mapepala, kenaka anayamba kuwerenga: Tobinami, wa nyumba ya a Kirihata, zaka makumi atatu ndi zinayi, lero ndi tsiku lake lomaliza. Anatchula katatu! Anabwerezanso kuonetsa pang'onopang'ono mmene dzanja linaimira. Muno mwadzaza anthu, ena angolowa ndi njinga zomwe..."

Panamveka kulimbirana, kenaka mawu okhuthala.

"Ndi a Tobinami amenewo?"

"Ndine, bambo. Pepani kwambiri. Ndachita manyazi pamaso panu."

"Manyazi? Mwachitadi. Kuzunguza kwanji kumene kuja, ngati mukuthamangitsa njuchi? Ndipo mwandilakwitsa ntchito. A Onodera ndawameta mbali imodzi mpaka kufika pakhungu, tsopano ndiyenera kuwameta mpala, ndipo mawa ali ndi ukwati wa mdzukulu wawo."

"Pepani, bambo."

"Lekani kupepesa, ndikulankhula. Ine zaka makumi anayi ndakhala ndikuyang'ana kanemayu. Ndaona anthu akuluakulu akugwetsa ulemu wawo chifukwa cha changu. Inu dzanja linafika apa, ndinaliona ndi maso angawa, ndinakuwa kuti ayi, ayi, ayi! Ndipo linaima." Anakhosomola pang'ono. Kenaka mawu anapita kutali, akulankhula ndi anthu a m'nyumbamo: "Mwamva? Ndikulankhula nawo pafoni pano! Eya, omwewo a phazi aja! Ndi apongozi anga amenewa, mumayesa ndani?"

Tobinami anakhala pansi mwadzidzidzi, mphasa n'kulira. A Tokohei anasiya kuseka n'kutchera khutu.

"Muli pomwepo?" anafunsa a Kuwabara.

"Ndilipo, bambo."

"Mubwere Lamlungu likudzali, mutenge aphunzitsi anu, tidzakambirane tsiku. Koma mudyeretu kwanu konko musananyamuke. Mphika wa nyumba ino ndi wa anthu wamba."

"Ee, bambo."

"Ee yekhayo? Anthu a sumo inu, munthu kukupatsani mwana wake, yankho n'kukhala ee?"

"Zikomo kwambiri, bambo."

"Eya, apo ndiye mwalankhula. Nayu mnzanuyo, akundithyola dzanja. A Onodera, khalani bwino, tiyambe mpala uja."