Tupa ya Amayi

Bambo Pohlmann, mwini sitolo, anasendeza maginito pa mendulo ija, ndipo inamata. Anamwetulira ngati munthu amene wamva fungo la nyama yowotcha.

"Chitsulo chenicheni ichi. Zabodza sizimata."

Waltraud anaima kumbuyo kwa mchimwene wake Ekkehard, mphuno atakwinya. Sitolo ya zinthu zakaleyo inkanunkha nkhungu, ndipo zipewa za asilikali akufa zinali ndandanda pa alumali. Ekkehard ndiye anamukokera kuno, ati adziwe ngati mendulo ija, mtanda wachitsulo umene bambo awo analandira ku nkhondo, ingagulike.

Pohlmann anaika kagalasi pa diso, nayang'ana kamphete kopachikira.

"Nayi nambala ya fakitale, ya ku Lüdenscheid. Popanda iyi, ndani angakhulupirire? Koma pakati apa... ndi chitsiru chanji chinapala chizindikiro?"

"Mayi athu," anayankha Waltraud. "Nkhondo itatha anatenga tupa n'kupala chizindikiro cha chipani cha Anazi, bambo akuonerera. Anati chimenecho sichigona m'nyumba mwawo."

"Pepani mayi, koma anaiwononga. Ogula amafuna chomwecho."

"Basi achimwene, tiyeni. Madzi akatayika saoleka."

"Awa amaoleka," Pohlmann anatero motsitsa mawu. "Ndili ndi mnyamata wa manja abwino. Amachibwezeretsa bwinobwino, n'kuchidetsa pang'ono kuti chioneke chakale. Nambala ili apo, palibe angakayike."

Waltraud anadikira kuti mchimwene wake akalipe. Koma Ekkehard, bambo wa imvi zake, anangokanda chibwano.

"Zingatenge nthawi yaitali bwanji?"

"Achimwene! Mulibe manyazi?"

"Iwe, n'kachitsulo chabe. Amayi anapita, sakuona. Kapena uphika manyaziwo tidye?"

Waltraud anatola mendulo ija, akuti akaganize kaye, ndipo amuna awiriwo anasekerera poyesa kuti wagonja.

Kunyumba anatsikira m'chipinda chapansi. Tupa ya amayi inali ikadali m'bokosi la misomali, chogwirira chake chitang'aluka. Anapana kamphete kaja, nayamba kupala.

Lamlungu Ekkehard anabwera kudzamwa khofi, ndipo anapeza mendulo ili pambali pa mbale yake ya keke. Anaitembenuza, naiyandikitsa ku diso.

"Nambala ija ili kuti?"

"Amayi anasiyira panjira," anatero Waltraud, akumuthirira khofi. "Ndamaliza."